Wilibala yatsopano ikundithyola msana

Funso: Amisiri, ndagula wilibala yatsopano, koma ndikangoikamo matumba awiri a simenti mikono ndi msana zikuwawa. Yakale ija ndinkanyamulira katundu yemweyu osamva kanthu. Yavuta pati?

Yankho: Bambo, yambani mwaona pomwe mukuika matumbawo. Ambiri obwera ndi dandaulo limeneli amaunjika katundu kumbuyo kwa beseni, kufupi ndi miyendo yawo. Wilibala imagwira ntchito ngati chitsulo chotukulira mwala, ndipo potsamira pake ndi pa ekiselo, chitsulo chimene tayala limazungulirapo. Tinene kuti kuchokera pa ekiselo kufika pomwe mumagwira pali masentimita 120. Matumba awiri ndi makilogalamu 100. Akakhala masentimita 30 kuchokera pa ekiselo, manja anu amasenza makilogalamu 25 okha, otsalawo ali pa tayala. Akasunthira pa masentimita 60, mwasenza 50. Simenti ndi yomweyo. Mawilibala otchipawa amandikwiyitsa pamenepa: zogwirira zazifupi, beseni analiika kutali ndi tayala. Yezani yanuyo poyerekeza ndi yakale ija.

Kenako chitani ichi, chimene ine sindidumpha pa wilibala iliyonse. Igadamizeni, tayala liloze kumwamba, mulizungulitse ndi dzanja kamodzi n'kulisiya. Labwino limazungulira kangapo mwakachetechete n'kuima pang'onopang'ono. Likaima nthawi yomweyo, mwina anamangitsa nati, kapena mkati mulibe girizi. Tcherani khutu. Mukamva kukhwekhwereza ngati muli mchenga, mabeling'i (tizitsulo ta pakati pa tayala tothandiza kuti lizizungulira mofewa) atha, kapena mulibemo n'komwe, anangoikamo kapulasitiki. Liyang'aneninso likamazungulira: likamapepeluka uku ndi uku, ekiselo kapena limu (mkombero womwe tayala lavalapo) yapindika. Ndiye ligwireni ndi manja awiri, mulitekenye cham'mbali. Lisagwedere. Mukakankha katundu kwa mphindi zingapo, khudzani pakati pa tayalalo. Pakafunda, mphamvu zanu zikuthera pamenepo osati pa simenti.

Mukapeza vuto, masulani tayalalo, pukutani bwinobwino, pakani girizi weniweni. Chonde musathiremo oyilo wakuda wotsala mu injini monga ndimaonera ena akuchita. Amachucha, amakoka fumbi, ndipo fumbilo limapala ekiselo mpaka kuwonda.

Za mpweya sindinena zambiri, popani tayala lilimbe. Ngati lili ndi kapulasitiki kaja, musataye nthawi kulikonza. Gulani tayala la mabeling'i achitsulo lolingana ndi ekiselo yanu.