Pulezidenti, wapampando kapena mkulu? Mayankho kwa olemba mbiri za atsogoleri a mabungwe a myuziyamu

Mphunzitsi wina wa phunziro la mbiri yakale pa sukulu ya sekondale ku Ngabu watumiza funso ili: "Pa 18 Meyi dziko lonse limakumbukira tsiku la nyumba zosungiramo zinthu zakale, ndipo chaka chino ndauza ophunzira anga kuti alembe m'Chichewa mbiri za anthu amene adatsogolerapo bungwe la ICOM. Polemba zitsanzo ndakakamira pa mawu atatu. Kodi munthu wotsogolera bungweli ndimutche pulezidenti, wapampando kapena mkulu? Ophunzira ena akusakaniza onse atatu m'ndime imodzi."

Aphunzitsi, mawu atatuwa si ofanana, ndipo bungwe limene mwasankhali likuonetsa bwino kusiyana kwake. ICOM ndi bungwe la anthu ogwira ntchito m'mamyuziyamu a m'maiko osiyanasiyana, lidakhazikitsidwa mu 1946 ndipo likulu lake lili ku Paris. Pamwamba pake pali maudindo awiri. Woyamba ndi wa munthu amene mamembala amamusankha pa msonkhano waukulu wochitika zaka zitatu zilizonse, monga uja wa ku Kyoto mu 2019 kapena wa ku Prague mu 2022, ndipo iyeyu ndiye amatsogolera zokambirana ndi kuyankhulira bungwe. Wachiwiri ndi wa munthu amene amalembedwa ntchito kuti aziyendetsa ofesi tsiku ndi tsiku. Woyambayo Chichewa chimamutcha wapampando, monga timatchulira wotsogolera komiti ya sukulu, ya mjigo kapena ya alimi a thonje, ndipo wachiwiriyo ndi mkulu woyendetsa ntchito za bungwe. Choncho a Chauncey Hamlin a ku America, amene adatsogolera bungweli kuyambira 1946 mpaka 1953, adali wapampando woyamba, pomwe a Georges Henri Rivière a ku France adali mkulu woyamba woyendetsa ntchito zake. Wophunzira akatcha onse awiriwa "mkulu wa bungwe", wowerenga aganiza kuti mmodzi adalowa m'malo mwa mnzake, chonsecho adagwira ntchito nthawi imodzi, aliyense pa udindo wake.

Mawu akuti pulezidenti sindikuwakana, chifukwa adalowa kale m'Chichewa ndipo m'nyuzipepala timawerenga za pulezidenti wa bungwe la mpira kapena la maloya. Vuto lake ndi lakuti m'khutu la anthu ambiri akumudzi mawuwa ndi a mtsogoleri wa dziko basi. Tsiku lina ndili pakhonde la golosale ku Bangula, wailesi idatchula pulezidenti wa bungwe lina la kunja, ndipo gogo wina amene ankasenda chinangwa pafupi nane adaimitsa mpeni n'kufunsa kuti dziko limenelo lili mbali iti ya Mozambique. Gogoyo sadalakwe, adamva Chichewa monga anthu amachiyankhulira.

Mbiri ya a Alpha Oumar Konaré a ku Mali ndiyo idzakuonetsani kuipa kwa kusakaniza kumeneku. Iwo adabadwa mu 1946 ku Kayes, adayamba ndi uphunzitsi, kenako adapita ku Warsaw m'dziko la Poland kukaphunzira za kufukula zinthu zakale, adakhalapo nduna yoona za achinyamata, masewero ndi chikhalidwe kuyambira 1978 mpaka 1980, ndipo mu 1989 adasankhidwa kutsogolera ICOM. Mu 1992 adasankhidwa kutsogolera dziko la Mali, limene adalilamulira mpaka 2002. Wophunzira akalemba kuti "adakhala pulezidenti mu 1989 ndipo adakhalanso pulezidenti mu 1992", wowerenga aganiza kuti mu 1989 namonso adapambana chisankho cha dziko. Alembe kuti adakhala wapampando wa ICOM mu 1989 ndi mtsogoleri wa dziko la Mali mu 1992, ndipo chisokonezo chonse chatha.

Aphunzitsi omwewa afunsanso ngati nkoyenera kulemba kuti munthu "adalongedwa" pa udindo umenewu. Ayi. Kulonga ndi kwa ufumu, ndipo kuno kuchigwa aliyense amadziwa kuti amene amalongedwa ndi nyakwawa, gulupu kapena a Lundu. Wapampando wa bungwe amasankhidwa. Koma chenjerani nawonso mawu akuti kusankhidwa, chifukwa m'Chichewa amagwira mbali ziwiri: wovoteredwa ndi gulu amasankhidwa, wolozedwa chala ndi munthu mmodzi kapena komiti amasankhidwanso. Pamene kusiyanaku kuli kofunika, onjezani mawu ochepa ofotokoza amene adasankha. A Emma Nardi a ku Italy adasankhidwa ndi mamembala pa msonkhano wa ku Prague mu 2022. Koma a Alberto Garlandini, amene adali pa mpandowo a Nardi asadasankhidwe, adalowa m'malo mwa a Suay Aksoy a ku Turkey mu 2020, a Aksoy atatula pansi udindo nthawi yawo isadakwane. Kutula pansi udindo ndi kusiya mwa kufuna kwa mwini wake, kuchotsedwa ndi nkhani ina, ndipo kupuma pa ntchito ndi nkhani inanso. Ophunzira amakonda kulemba "adasiya" pa zonse zitatuzi.

Funso lachiwiri lachokera kwa mtolankhani wa wailesi ya m'dera ku Nsanje: "Ndikamamasulira nkhani za anthu amenewa ndimapeza mawu achingerezi akuti career ndi background, komanso dzina la ntchito lakuti curator. Ndayesa kunena kuti 'kumbuyo kwawo' koma anzanga akundiseka. Mawu enieni a Chichewa ndi ati?"

Anzanuwo akuseka ndi chifukwa, pakuti kumbuyo kwa munthu m'Chichewa ndi msana wake, kapena zimene zikuchitika iye atachoka. Mawu amodzi ofanana ndendende ndi achingereziwo musawafunefune. Chichewa chimafotokoza moyo wa munthu ndi aneni, ndipo funso limene omvera anu ali nalo ndi lomwe lija mkulu wa pamudzi amafunsa za mlendo: kwawo ndi kuti, adaphunzira chiyani, wakhala akugwira ntchito yanji. Yankhani mafunso amenewa mwatsatanetsatane ndipo mwamasulira mawu onse awiri aja popanda kubwereka kalikonse. Mukafuna mutu wa nkhani, nenani kuti "mbiri ya moyo wawo" kapena "mbiri ya ntchito yawo". Musanene "mbiri yawo" pokha ngati mukuopa kusamveka, chifukwa mbiri ndi mawu otakata: ndi zochitika zakale, ndi kutchuka, ndiponso ndi mphekesera. Mukanena kuti wapampando uja ali ndi mbiri, anthu a ku Marka atchera khutu kuti amve chimene adapalamula.

Njira imeneyi ili ndi ubwino wina, wakuti imakukakamizani kunena zoona zenizeni, ndipo zoonazo ndi zokondweretsa kuposa mayina a maudindo. Anthu amene atsogolera bungweli sadadzere njira imodzi. A Hamlin adaphunzira za malamulo, ndipo adalowa m'nkhani za myuziyamu kudzera m'bungwe la sayansi la mumzinda wakwawo wa Buffalo. A Rivière adayamba ndi maphunziro a nyimbo asadayambe kusonkhanitsa zipangizo za anthu wamba a m'midzi ya ku France. A Alissandra Cummins, amene mu 2004 adakhala mayi woyamba kusankhidwa pa mpandowu ndipo adakhalapo mpaka 2010, ankayendetsa myuziyamu ya ku Barbados, chilumba chaching'ono cha ku Caribbean. A Nardi adali mphunzitsi wa za maphunziro pa yunivesite ya Roma Tre. Mukawatcha onsewa "akatswiri a zinthu zakale" mwawaphimba ndi nsalu imodzi, ndipo womvera wachinyamata amene akadalimba mtima pomva kuti mphunzitsi kapena loya angathe kufika pamenepo sapindulapo kanthu.

Pano ndinenepo za mawu oyamikira amene olemba ambiri amawawaza ngati mchere: katswiri, kadaulo, kachenjede, namatetule, mkhalakale. Katswiri ndi wodziwa bwino ntchito yake, ndipo mawuwa amayenera kutsatana ndi ntchitoyo, monga katswiri wofukula zinthu zakale. Kadaulo ndi kachenjede masiku ano amanenedwa kwambiri za anthu ophunzira a ku yunivesite amene amafunsidwa maganizo pa wailesi. Mkhalakale ndi amene wakhalitsa pa ntchito, kaya waphunzira kwambiri kaya ayi. Namatetule ndi wa m'bwalo la mpira ndi la zisudzo, ndipo m'mbiri ya munthu wolembedwa mwaulemu ine sindingawaike. Amodzi mwa mawuwa m'nkhani yonse akwanira.

Tsono curator. Ndidakhalapo m'chipinda chosungiramo katundu cha myuziyamu ina m'mawa wonse, ndikuonerera mayi wina akugwira ntchito imeneyi. Adavala magolovesi, adanyamula mphika wadothi ndi manja onse awiri kuchokera pansi pake, osagwira m'kamwa, adaupukuta fumbi ndi kaburashi kofewa, adayang'ana nambala yolembedwa kunsi kwake n'kuifananiza ndi ya m'kaundula momwe mudalembedwa mudzi umene mphikawo udachokera ndi chaka chimene udabwera. Atatero adatsegula bokosi la nsalu za makungwa kuti aone ngati njenjete zalowamo, ndipo masana adakhala pansi kulemba mawu ofotokozera alendo. M'ntchito imeneyi muli kusunga, kusamala, kufufuza ndi kufotokozera, ndipo palibe dzina limodzi la Chichewa limene lidakhazikika lonyamula zonsezi. Ena amafuna kupanga dzina latsopano potengera msungichuma, koma dzina limene anthu sadalimvepo limafuna kumasuliridwanso. Pa wailesi nenani kuti "wosamalira zinthu za m'myuziyamu", ndipo ngati nthawi ilipo tchulani zimene amasamalira, kaya ndi miphika, kaya ndi mafupa a nyama zakale ngati aja a Malawisaurus amene amaonetsedwa ku Karonga. Mlonda ndi munthu wina, ndipo mawu akuti woyang'anira asiyireni mkulu wa nyumba yonse.

Omvera anu a ku Nsanje lingaliro limeneli si lachilendo kwa iwo. Ku Khulubvi kuli anthu amene amasunga kachisi wa Mbona ndi miyambo yake, amadziwa chololedwa ndi choletsedwa m'nkhalangomo, ndipo udindowo sadaupeze ndi satifiketi. Pofotokoza za iwowa mneni woyenera ndi kusunga, monga timanenera kusunga mwambo, ndipo ndi mneni yemweyo amene ali m'dzina la Tisunge, malo osungirako za chikhalidwe cha m'chigwa chino amene ali pachipata cha nkhalango ya Lengwe ku Chikwawa. Koma musawatche ogwira ntchito za myuziyamu, chifukwa kachisi ndi malo opembedzerapo ndi kupemphera mvula, ndipo eni ake sangakondwe kumva kuti akusunga zinthu zoti anthu azikaonerera.

Pa dzina la nyumbayo, zonse ziwiri ndi zololedwa. "Nyumba yosungiramo zinthu zakale" ndi Chichewa chomveka kwa aliyense ndipo muyambe nacho, kenako mupitirize ndi "myuziyamu", monga anthu a ku Blantyre amatchulira ija ya ku Chichiri, kuti chiganizo chisalemere.

Wophunzira wa Fomu 4 ku Nchalo wafunsa mwachidule: "Kodi ndilembe kuti 'a Konaré anali wapampando' kapena 'adali'? Nanga 'wapampando wakale' satanthauza kuti adamwalira?"

Kuno kummwera anthu ambiri poyankhula amati anali, anapita, anasankhidwa, ngakhale nkhaniyo ndi ya zaka makumi angapo zapitazo, ndipo si kulakwa. Koma m'Chichewa cha m'mabuku a sukulu, zimene zidachitika kalekale zimatenga -da-, choncho pa mayeso lemba kuti adali, adapita, adasankhidwa, ndipo usasinthesinthe m'kati mwa nkhani. Kachidutswa ka -po nakonso kadzakuthandiza: "adakhalapo nduna" zikutanthauza kuti pa nthawi ina adali nduna ndipo nthawiyo idatha, pomwe "akhala ali mkulu wa myuziyamu" zikusonyeza kuti udindowo ukadalipo kapena wangotha kumene. Wapampando wakale ndi amene adachoka pa mpando, ali moyo kapena ayi. Womwalira timamutcha malemu, choncho ulemba kuti malemu a Hamlin, amene adamwalira mu 1963, kapena malemu a Rivière, amene adamwalira mu 1985.

Cholakwika chimene ndimachipeza kawirikawiri m'zolemba za ophunzira ndi cha ulemu woyambidwa koma wosamalizidwa. Popeza "adasankhidwa" amamveka chimodzimodzi kwa munthu mmodzi ndi kwa ambiri, wolemba amaiwala kuti adayamba ndi "a" waulemu, ndipo amadzalemba kuti "a Aksoy adatula pansi udindo wake". Ukayamba ndi "a Aksoy" kapena "Mayi Aksoy" mwaulemu, umalize ndi udindo wawo, ntchito yawo, iwo adati. Nyuzipepala zambiri zimasiya "a" n'kulemba "Aksoy adatula pansi udindo wake, ndipo iye adati", ndipo kalembedwe kameneko ndi kololedwa m'nkhani za m'nyuzipepala. Pa chimangirizo cha kusukulu tsata njira yaulemuyo kuyambira chiganizo choyamba mpaka chomaliza, ndipo mayina monga Konaré ndi Rivière uwalembe monga eni ake amalembera, ndi timizere tawo ta pamwamba.