Funsani za Magemu: Ndikupha ambiri, nanga tikugonjeranji?

Makalata ambiri a mwezi uno akukhudza magemu owomberana a pa intaneti, awa a pa PlayStation ndi Xbox. Ndasankhapo asanu. Amene mwafunsa za mfuti yoposa zonse mundikhululukire, limenelo sindiyankha. Opanga magemu amasintha mphamvu za mfuti pafupipafupi, moti yankho langa likhoza kutha ntchito musanaliwerenge n'komwe.

FUNSO: Ndimasewera Call of Duty pa PlayStation 5, makamaka mitundu ya masewero yotchedwa Hardpoint ndi Domination. Nthawi zambiri dzina langa limakhala pamwamba pa timu yathu. Ndimatha kupha anthu 30, ine n'kufa ka 10 kokha. Koma timagonjabe, ndipo anzanga ayamba kunena kuti vuto ndine. Kodi si nsanje imeneyi? — K.M.

YANKHO: Achimwene, nsanje palibepo. Anzanuwo akunena zoona, kungoti mwina akuzinena mopweteka.

Taonani mmene Hardpoint imawerengera. Pamapu pamakhala malo amodzi olimbirana. Timu imalandira pointi imodzi pa sekondi iliyonse imene munthu wake waima pamalopo popanda mdani, ndipo yoyamba kufika 250 ndiyo yapambana. Pakatha masekondi 60 malowo amasamukira pena, motsata ndondomeko yomweyomweyo nthawi zonse pa mapu amenewo. M'masamu onsewa kupha sikukuwerengedwa paliponse. Ngati anthu 30 aja munawagwetsera kutsidya kwa mapu kumene kulibe cholimbirana, iwo amangodzuka n'kuthamangira pamalo paja, pamene anzanu akulimbana ali opereŵera munthu mmodzi. Inu mwafa ka 10 kokha chifukwa imfa zanu zina akukuferani ndi anzanu.

Sindikunena kuti nonse muzikaunjikana pamalopo. Mapointi sachuluka chifukwa choti mwaimapo anayi, ndipo bomba limodzi likhoza kukusesani nonse. Mmodzi aime pamenepo, enanu mutseke njira zolowera. Ngakhale matimu a mu Call of Duty League, ligi ya akatswiri a gemuyi, amene amasewera anayianayi, amadalira munthu wa dzanja lakuthwa ngati lanulo. Kusiyana kwake n'kwakuti iye amaphera pakhomo pamene adani akufuna kulowera, ndipo maso ake sachoka pa wotchi. Kukatsala masekondi 20 kapena 15 kuti malo asinthe, iye wanyamuka kale kukakhazikika kumalo atsopanowo. Timu imene imakakamira timapointi tomaliza pa malo akale imakapeza adani atakhala kale m'makona onse a malo atsopano, ndipo kuwatulutsa kumadya theka la mphindi.

Pali chinanso chimene anthu opha kwambiri sachiona. Munthu akafa, gemu imayesetsa kumudzutsira pafupi ndi anzake komanso kutali ndi adani. Choncho malo amene mwaima amalamulira kumene timu yanu idzukire ndi kumene adani adzukire. Mukathamangira kuseri kwa adani kukasaka mitu, gemu imaona kuti kumeneko sikulinso bwino kwa iwo, n'kuyamba kuwadzutsira kumbuyo kwa anzanu. Anzanu amene amayang'ana kutsogolo angomva zipolopolo kumsana. Mu Domination zimenezi zimaonekera bwino kwambiri. Mbendera zilipo zitatu, A, B ndi C. Mukagwira ziwiri, yanu ndi ya pakati, mukupeza mapointi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi adani, ndipo mukudziwa mbali imene akuchokera. Wina akangoti tiyeni titenge yachitatunso, adani amayamba kudzukira kwina, ndipo mbendera yanu yakumbuyo imapita musanatembenuke. Gwirani ziwiri, yachitatuyo asiyireni.

Chomaliza ndi mtunda wa pakati pa inu ndi mnzanu. Khalani pafupi moti iye akagwa, inu mumugwetse womuphayo nthawi yomweyo, asanabise mutu kapena kuthira zipolopolo zina. Koma musamamatirane moti mfuti imodzi ikupezeni nonse pamzere. Mmodzi kwa mmodzi, timu siitaya kanthu. Mnzanu akafa yekha inu muli kutali, imfa yakeyo yangopita pachabe. Yesani zimenezi kwa magemu angapo. Nambala ya anthu amene mumapha itsika, ndikuuzirenitu, ndipo mwina dzina lanu lichoka pamwamba paja.

FUNSO: Ndagula mahedifoni okhala ndi maiki chifukwa anzanga a mu Rainbow Six Siege amadandaula kuti ndimangokhala duu. Tsopano ndikamalankhula akuti ndikusokosa. Nditani? — T.B.

YANKHO: Onse awiri madandaulowo ndi olondola, chifukwa chimene iwo akufuna si mawu anu koma zimene maso anu aona. Uthenga wabwino uli ndi zinthu zitatu: adani angati, ali pati, ndipo ali bwanji kapena akulowera kuti. "Awiri, masitepe akumpoto, mmodzi ndamuvulaza, akutsika." Basi, mwamaliza. Yerekezani ndi izi zimene timamva tsiku ndi tsiku: "Ali apo! Ali apo! Aaa, wandipha bwanji ameneyu?" Apo pati? Mnzanuyo sakuona sikirini yanu. Ngakhale kunena kuti kumanzere sikuthandiza, chifukwa kumanzere kwa inu kukhoza kukhala kumanja kwa iye. Phunzirani mayina a zipinda za pamapu. Siege imakulemberani dzina la chipinda chimene mulimo m'munsi mwa sikirini, pambali pa kampasi. Muziliwerenga nthawi iliyonse mukalowa chipinda, mayinawo alowa okha m'mutu.

Tsono nthawi yofunika kwambiri kusamala pakamwa ndi pamene mwafa. Mu Siege mumasewera asanuasanu ndipo mukafa simudzukanso mpaka raundi ithe, ndipo kusadzukansoko kulinso mu Search and Destroy, mtundu wina wa masewero a Call of Duty. Mukangogwa, nenani kamodzi kumene wakuphaniyo ali, kenako lowani m'makamera kapena m'madroni muziwaonera anzanu. Munthu wakufa amene ali pa kamera ndi wothandiza kuposa wamoyo wosalankhula. Koma kukatsala mnzanu mmodzi yekha, tsekani pakamwa. Iye akumvetsera mapazi, akumvetsera thabwa likuthyoka pansi pake, akuyesa kumva ngati wina akuthira zipolopolo kuseri kwa khoma. Anthu anayi akufa akamamuuza nthawi imodzi kuti pita uku, ayi bwerera, thira bomba, amakhala amugonthetsa makutu. Ngati mwaona mdani amene iye sanamuone, nenani mawu awiri. Ngati ndi malangizo chabe, asungeni raundi ithe.

Onaninso phokoso la m'chipinda mwanu. Wailesi, nyimbo, kutafuna, kupumira pa maiki, ndiponso gemu ikamamvekera pa TV mawu a anzanu n'kumabwereranso kwa iwo. Zonsezi inu simuzimva koma iwo akuzimva. Batani lozimitsira maiki lili pa kontrola ya PlayStation 5 pomwepo, pansi pa batani la PS.

Ndipo amene mulibe maiki musadzione ngati katundu wa timu. Apex Legends itatuluka mu February 2019, kampani ya Respawn idaikamo njira yolozera ndi batani limodzi: mdani apa, mfuti iyi, tiyeni uko. Inayenda bwino moti Fortnite idaikamo yake patangopita masabata ochepa, ndipo lero magemu ambiri owomberana ali nayo. Munthu wolozera bwino ndimamukonda kuposa wolongolola.

FUNSO: Kodi kubisala pakona n'kumadikira adani ndi kubera? Anthu amanditukwana nazo. — J.

YANKHO: Si kubera. Ngati mukulondera bomba limene timu yanu yatchera, kapena khomo lolowera pa mbendera, imeneyo ndiyo ntchito yake, ndipo otukwanawo akungopsa mtima kuti sanasuzumire pakona. Chimene chimanyansa ndi kubisala kumalo kopanda ntchito pamene anzanu akuthera pa mbendera.

Dziwaninso kuti pa intaneti wodikira alibe mwayi wonse umene amaganiza kuti ali nawo. Zochita za wosewera aliyense zimayamba zapita ku seva kenako n'kufika kwa mnzake, motero munthu amene akutulukira pakona mothamanga amakuonani kaye inu musanamuone pa sikirini yanu. Kusiyanako ndi kwa tizigawo ta sekondi, koma ping yanu, nthawi imene uthenga umatenga kupita ku seva n'kubwerera, ikakwera kumakula. Mukapha mmodzi, samukani. Magemu ngati Call of Duty amamuonetsa wophedwayo pamene munali, ndipo akubwera ndi bomba.

FUNSO: Ndine mtsikana ndipo ndimakonda Overwatch 2 ndi Warzone. Ndikangolankhula pa maiki, ena amayamba zachipongwe, ena zolaula. Ndasiya kulankhula, koma timu ikuvutika chifukwa sindinena zimene ndaona. — M.C.

YANKHO: Achemwali, pepani kwambiri. Vuto si mawu anu, ndipo simukuyenera kugula mtendere ndi kukhala chete.

Musawayankhe. Munthu wotere akufuna kumva kuti mawu ake akulasani, ndipo mukabwezera chipongwe, nanunso mukhoza kulangidwa. Muzimitseni iye yekha, osati timu yonse, kuti muzimvanabe ndi ena abwinowo. Kenako mukamunenere, ndipo musaganize kuti n'kutaya nthawi. Kuyambira mu 2023 Call of Duty imagwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa ToxMod, yopangidwa ndi kampani ya Modulate, yothandiza kuzindikira mawu achipongwe pa maiki. Chaka chomwecho Xbox idabweretsa njira yoti mujambule masekondi 60 a zimene munthu wanena n'kuzitumiza ngati umboni, komanso idayamba kupereka zilango zowerengera: wolakwa akafika pa 8 amaletsedwa kucheza ndi kusewera ndi ena pa intaneti kwa chaka chathunthu. Pa PlayStation 5 mungathe kutumiza kachidutswa ka mawu kosaposa masekondi 40 kuchokera pa mphindi 5 zapitazo. Njira zimenezi sizigwira aliyense, koma zimagwira bwino anthu akamanena.

Mukakumana ndi wosewera waulemu, mutumizireni pempho la ubwenzi gemu ikatha. Pang'onopang'ono mukhala ndi anthu awiri kapena atatu odalirika, muzilankhulana pa gulu lanulanu.

Amuna amene mukuwerenga, mawu anga ali kwa inu amene simutukwana koma mumangoti zii, kapena kuseka pang'ono. Wachipongwe amalimba mtima ndi kuseka kwanuko. Simukufunika kukamba ulaliki. "Achimwene, zisiyeni zimenezo, tiyeni tisewere," kenako pitirizani kunena za gemu, ndipo mtsikanayo akanena kumene adani ali, yankhani monga mmene mungayankhire wina aliyense. Nanunso mukamunenere wolakwayo.

FUNSO: Mu Apex Legends ndikagwetsedwa, anzanga amachedwa kundidzutsa, ena amayamba atola katundu. Ndiye ine ndimangotuluka n'kuyamba gemu ina. Ndikulakwa? — P.S.

YANKHO: Mukulakwa, koma tiyambe ndi mbali imene mukulondola. Munthu amene adani onse atha koma iye akutsegula mabokosi a katundu wa anthu ophedwa mnzake akuthera magazi pansi, ameneyo alibe khalidwe. Ndiponso bokosi la mdani amene mnzako wapha, mwini wake ayambe wasankhamo. Ukapeza chinthu chimene sukuchifuna, chilozere kuti anzako achione.

Koma nthawi zambiri amene mukuti akuchedwayo akuchita zolondola. Kudzutsa munthu kumatenga masekondi angapo, mfuti ili pansi, ndipo kumamveka kwa adani. Akathamangira kwa inu wokugwetsaniyo akadali moyo, ndiye kuti mwagwa awiri. Ngakhale uja mukumuona ali m'bokosi mwina akungosinthitsa chovala chodzitetezera chophwanyika ndi chathunthu, zimene zimachitika msanga kuposa kudzichiritsa. Gemu imeneyi imayamba ndi matimu 20 a anthu atatuatatu, ndipo kulira kwa mfuti kumaitana timu yachitatu imene imadikira kuti mufooketsane. Ntchito yanu muli pansipo ndi kukwawira kuseri kwa mwala kapena khoma, kufupi ndi anzanu, n'kumalozera adani. Kudinadina batani lopempha thandizo kosalekeza kumangotseka makutu a anthu amene akuyesa kukupulumutsani.

Ngakhale mutafa ndithu, gemu sinathe. Anzanu akhoza kutola chizindikiro chanu m'bokosi n'kukakubwezeretsani pa makina odzutsira. Mu Warzone muli Gulag, malo amene wophedwa amakamenyera mwayi wobwerera mu gemu, komanso anzanu akhoza kukugulani kuti mubwerere. Taganizani munthu amene wadutsa pakati pa zipolopolo kukatola chizindikirocho, n'kupeza kuti mwiniwake anatuluka kalekale. Atsala awiri kulimbana ndi matimu a anthu atatu mpaka mapeto. Mu magemu a mpikisano, a ranked, kutuluka kotere kumakudyerani mapointi ndipo amakuimitsani kwa kanthawi musanalowe ina. Ngati mukudziwa kuti nthawi yanu ndi yochepa, sankhani magemu aafupi amene munthu amadzuka akafa, monga Team Deathmatch, osati awa otenga mphindi 20.