Kuthetheka kwa solder si kwachizolowezi ayi

Amwene, mwalemba pagulu pano kuti solder (mtovu wolumikizira mawaya uja) akumathetheka mukamawotcherera. Zimitsani kaye iron yanu yowotchererayo. Kuthetheka kwa solder mukunenako kunatsala pang'ono kundiboola diso ine, ndiye ndikamaona ena muno akuyankha kuti "zimatero basi" mtima ukundiwawa.

Namondwe Freddy atadutsa mu 2023, madzi atangophwa, anthu a ku Bangula ndi Makhanga ankabwera ndi ma inverter, mawailesi, mabatire a sola, zonse matope okhaokha. Pashopu pomwe ndinkagwira ntchito panali kampoto kosungunulira solder, tinkaviikamo mitu ya ma cable a batire. Kampotoko kanalibe pochepetsera moto, kamangotentha mpaka pamwamba kuchita chikhungu chotuwa. Ndinawauza abwana kuti ma cable awa ayambe akhala padzuwa, iwo ati kasitomala ali panja, viika basi. Kunja cable inali youma gwa, koma pakati pa timawaya takopa munabisala madzi. Nditangoviika, phuu! Madontho kumaso konse. Lina patsaya, lina pachikope chakumanzere, lina linalowera m'kolala n'kutsetsereka pachifuwa ine ndikuvinavina osadziwa pogwira. Nsidze kununkha kupserera. La patsaya lija linauma pomwepo, phee, likunyezimira, polichotsa linachoka ndi khungu lomwe. Diso silinkatsegulika, misozi yokhayokha, ndikumva kasitomala uja akukuwa kuti tungani madzi.

Abwanawo? Funso lawo loyamba linali lakuti solder watayika wochuluka bwanji. Kenako akuti paka Colgate. Kabaza wopita kuchipatala ndinalipira ndekha, kutha kwa mwezi anandidula masiku omwe ndinagona kunyumba. Mpaka lero akadali ndi kampoto komweko, akuviikitsa ana aeni. Munthu woipa mtima uja.

Nkhani yake ndi iyi. Tin weniweni amasungunuka pa 232°C, waya wa solder wa 60/40 (tin 60, lead 40) cha m'ma 190, wopanda lead cha m'ma 220. Madzi amawira pa 100 pokha. Kadontho kakakwiririka m'chitsulo chosungunuka kamasanduka nthunzi nthawi yomweyo, kufufuma kuposa ka 1,600, ndiye kamatulukira kuti? Kamaponya solder yemweyo. Flux, mankhwala oyeretsa polumikiza omwe amakhala m'kati mwa wayayo, nayonso imatero iron ikapsa udyo, imawira isanapeze potulukira, n'kulavula. Mphwanga wophunzira physics anandiuza kuti ngakhale ku Netherlands, komwe amayesa tin wosungunuka kuti adzateteze m'kati mwa fusion reactor (makina otentha koopsa oyesera kupangira magetsi), anaona hydrogen ikupanga timathovu m'kati mwa tin, timadontho n'kumauluka. Nanga ife a pansi pa malata ku Ngabu mu Okutobala?

Ndiye tsitsani moto, 330 mpaka 350°C ndi wokwanira pa board ya foni kapena wailesi. Tenthetsani polumikiza kaye, waya mukhudzitse pamenepo, osati kumusungunulira pansonga ya iron. Chilichonse chomwe chinalowa madzi chiume masiku, dzuwa kuno sitigula. Koma pa cable yonenepa ya batire musanyengerere, kwezani ndithu mpaka 400 mumalize msanga, moto wochepa mumangophika pulasitiki joint osagwira. Magalasi gulani, ngakhale kunena zoona kutentha kwa kuno amachita nthunzi ndi thukuta, ambiri timangowakweza pachipumi. Bola nkhope isakhale pamwamba penipeni pa ntchito.

Mukapsa thirani madzi ozizira oyera mphindi 20, osati Colgate, osati dzira. Likakhala diso musatikite, thamangani kuchipatala. Ndipo tatumizani chithunzi cha waya mukugwiritsa ntchitoyo, pali wina wotchipa wopanda cholembedwa chilichonse amene amathetheka ngakhale moto uli bwinobwino.