Tili ndi K1,500,000 ndi ntchito zinayi: gulu lathu loteteza chilengedwe liyambire pati?

Funso: Alangizi, ndine msungichuma wa gulu loteteza chilengedwe kuno ku Salima, kufupi ndi mtsinje wa Linthipe. Tilipo 24, tonse ongodzipereka, ambiri ndife alimi. Munthu wina wakufuna kwabwino watipatsa K1,500,000 ndipo wanenetsa kuti chaka chamawa tisadalire zina. Pamsonkhano tagawanika. Ena akufuna nazale ya mbande 20,000, achinyamata akuti tizikatola mapulasitiki ku Senga Bay mwezi ndi mwezi, amayi akufuna tiphunzire kuumba chitetezo mbaula, pomwe apampando akuti tiyambe ndi mwambo waukulu, tisindikize matisheti, tiitane akuluakulu kuti tidziwike. Ena akuti tingogawa panayi kuti pasakhale wodandaula. Tichite bwanji?

Yankho: Mayi msungichuma, zikomo polemba ndalama zisanayambe kutuluka. Zogawa panayi musayerekeze. Ntchito iliyonse ipeza K375,000, ndalama yokwanira kuyamba koma yosakwanira kumaliza, ndipo chaka chikamatha mudzakhala ndi ntchito zinayi zosiyidwa panjira. Akulu adanena kale kuti ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Sankhani ntchito imodzi yaikulu, pamalo amodzi oti mamembala anu amafikapo wapansi, ndipo ina imodzi yaing'ono yoti idzizungulira yokha.

Musanawerenge makwacha, yambani mwawerenga manja. Mpamba wanu weniweni ndi anthu 24 aja, ndipo anthu amenewa sapezeka chaka chonse. Nyengo yodzala mitengo imene boma limakhazikitsa imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, miyezi yomweyo imene mlimi ali pakalikiliki kupalira, kuthira feteleza ndi kubandira. Januwale ndi Febuluwale pakhomo pambiri ufa umakhala utatha, anthu ali kuganyu. Mukaitana gulu kuti likadzale mbande 20,000 nthawi imeneyo, abwera asanu ndi mmodzi, ndipo musawatenge ngati aulesi: munthu sangasiye munda wake ukudyedwa ndi udzu. Manja amamasuka anthu akakolola, kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Ntchito yanu yaikulu ikhale yogwirika miyezi imeneyi.

N'chifukwa chake ine ndikanakhala pamsonkhano wanuwo ndikanati ndalama zambiri zipite kosamalira mitengo yophukira pazitsa. Pitani pamalo pamene anthu adawotcha makala zaka ziwiri zapitazo, mugwade muyang'ane. Pachitsa cha mombo kapena tsamba mupeza mphukira khumi kapena kuposa, zopanikizana, zina zodyedwa nsonga ndi mbuzi, zina zakuda ndi moto wa chaka chatha. Pansi pa chitsacho pali mizu yakale imene idafika kale pamene pali chinyezi. Ntchito yanu ndi kusankha mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka, kudula zotsalazo ndi chikwanje chakuthwa, kulambula udzu mozungulira, basi. Simugula chubu, simusenza madzi, chiswe sichivutitsa mphukirazi ngati mmene chimachitira ndi mbande ya kunazale. Njira imeneyi ndi imene idabwezeretsa mitengo m'minda ya alimi a ku Niger kuyambira m'ma 1980, pamalo okwana mahekitala mamiliyoni angapo, m'dziko louma kuposa Salima.

Nazale sindikuikana, koma tiyeni tiiwerengere monga timawerengera geni. Tiyerekeze kuti mwawononga K600,000 pa machubu, mbewu, makeni ndi wilibala, n'kutulutsa mbande 20,000. Pabuku zioneka kuti mtengo umodzi ndi K30. Koma dzuwa la Okutobala la kunyanja kuno, mbuzi zotayirira anthu akakolola, ndi moto wa osaka mbewa zikadutsa, n'kutsala mitengo 2,000, ndiye kuti mtengo uliwonse wamoyo mwaugula K300. Nambala yoona ndi yachiwiriyo. Choncho nazale ikhale ya mbande 3,000 zokha, zoti mukudziwiratu mwini wake wa iliyonse: msangu ndi gliricidia za m'minda, mango ndi mapapaya za pakhomo, mbawa ndi nsungwi za m'mbali mwa mtsinje kumene gombe likugumuka. Mtengo umene uli ndi mwini umatchingiridwa ndi minga. Wa gulu lonse aliyense amangoti wina authirira.

Pali chinthu china chosafuna ndalama zambiri koma chimene chingapulumutse ntchito yonse, ndicho mawu a mfumu. Kwanu komweko muli ndi chitsanzo chimene anthu amachokera kutali kudzaphunzira. Pachilumba cha Mbenji usodzi umatsekedwa nyengo ya mvula, cha m'ma Disembala mpaka Epulo, mwa lamulo la a Senior Chief Makanjira ndi komiti yawo, ndipo mwambowu wakhalapo kwa zaka zambirimbiri. Chimene chausunga ndi chakuti asodzi eniake amaona phindu lake utaka ukachuluka, ndipo wolakwa amadziwa kumene akayankhe. Inunso musadule mphukira ngakhale imodzi musanakhale pansi ndi anyakwawa ndi komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi, imene lamulo la zankhalango la 1997 limaizindikira. Gwirizanani malire a malowo, chindapusa cha mbuzi yolowamo, chindapusa cha woyatsa moto, komanso amene adzaloledwe kutola nkhuni ndi kutchera ming'oma ya njuchi. Zilembedwe, amfumu asainire. Itanani mlangizi wa zankhalango wa dera lanu adzaone malowo, ndipo mumukonzere ya mafuta a njinga.

Kenako mu Meyi ndi Juni, udzu usanaumiretu, lambulani njira yotchinga moto kuzungulira malo onse. Ntchitoyi ndi yotopetsa, ilibe chithunzi chokongola choika pa Facebook, koma moto wa tsiku limodzi umatha kufafaniza thukuta la zaka zitatu.

Maganizo a amayi ndawakonda, ndipo ndiwo ntchito yachiwiri ija. Chitetezo mbaula imachepetsa nkhuni zimene banja limasonkhezera, choncho nkhwangwa zimachepa kumalo mukutetezawo. Kuposa apo, mbaula imagulitsidwa. Ipatseni K300,000 ngati mpamba wa bizinesi, ndi buku lakelake. Musanalipire mphunzitsi, dziwani kaye kumene mukatape dothi la mtapo labwino, mudzawotchera pati, ndipo adzagula ndani pa mtengo wanji. Umbani zochepa poyamba, muyese msika. Zikagulidwa, phindu lake ndilo lidzanole zikwanje chaka chamawa, wakufuna kwabwino uja atapita.

Za mapulasitiki ku Senga Bay zisalowe m'thumba ili. Ndalama ithera pa thiransipoti, ndipo sabata isanathe majumbo adzakhala atabwerera pamchenga. Boma lidaika kale lamulo loletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, ndipo vutoli gwero lake lili kwa opanga ndi ogulitsa. Ngati achinyamata mtima uli pomwepo, akagogode kwa eni malo ogona alendo a kugombeko, amene mchenga woyera ndi malonda awo, kuti apereke matumba, galimoto ndi chakudya. Gulu lanu lipereke manja okha, kamodzi kapena kawiri pachaka.

Apampando muwauze mwaulemu kuti kufuna kudziwika si kulakwa, koma matisheti 24, matenti, zokuzira mawu ndi chakudya cha alendo zitha kumeza theka la ndalamazo tsiku limodzi. Mabungwe amene amathandiza magulu ngati lanu amafunsa mahekitala amene mukuteteza, mitengo imene idakali moyo ndi malisiti. Jambulani malowo muli chiimire pamwala umodzimodzi miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ndipo muwerenge mitengo yamoyo kumapeto kwa Okutobala, mvula isanagwe. Mwambo mudzachite chaka chamawa, alendo akudzaima pamthunzi wa ntchito yanu.

Tsopano za inu monga msungichuma. Ndalamazi zisakhale pa Airtel Money kapena Mpamba ya foni yanu, ngakhale ndinu wokhulupirika chotani. Tsegulani akaunti ya gulu yosainira anthu atatu. Musazibwereketse ku banki m'khonde pofuna kuti ziswane, chifukwa mwini wake adazipereka pa ntchito ina. Zipangizo gulani msanga: tonse tikukumbukira mmene mitengo ya katundu idalumphira kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ine ndikanaika K800,000 pa zitsa, njira ya moto ndi nazale yaing'ono ija, K300,000 pa mbaula, K150,000 pa maulendo ndi zolembera, ndipo K250,000 ndikanaisunga kuti idzagwire ntchito yopakiza ndi kulambulanso chaka chachiwiri.

Alawansi musaiyambitse. Mukapereka K2,000 tsiku loyamba, tsiku limene mudzalephere kupereka simudzaona munthu. Phikani nsima ndi nyemba pa tsiku la ntchito, thobwa likhalepo, nthambi zodulidwa pazitsa anthu asenze zikakhale nkhuni kwawo, ndipo mbande za zipatso ziyambire kwa amene dzina lawo limaoneka kawirikawiri m'kaundula wa obwera kuntchito. Zimenezi zilembedwe m'maminitsi a msonkhano wotsatira, aliyense azimve ndi makutu ake ntchito isanayambe.