Malume Akuti Popanda Baibulo Palibe Khalidwe

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Akuti anatsutsana ndi malume awo pa WhatsApp mpaka pakati pa usiku. Malumewo amati munthu wosadziwa Baibulo sangasiyanitse chabwino ndi choipa. Tsono m'baleyu akufunsa kuti: "Kodi Baibulo ndi maziko odalirika a khalidwe, kapena tinangokula tikuuzidwa choncho?"

Achimwene, ndiyambe ndaulula kuti ine ndimapemphera, ndipo Buku Lopatulika limene anandisiyira agogo, chikuto chitathothoka kale, ndimaliwerengabe. Komabe yankho langa malume anu mwina siliwakomera.

Poti muli ku South Africa, tiyambire komweko. Kwa zaka zambiri mpingo wa Dutch Reformed unaikira kumbuyo tsankho la apartheid, Baibulo lili m'manja. Abusa ankatsegula nkhani ya nsanja ya Babele pa Genesis 11 n'kumati Mulungu mwini wake ndiye analekanitsa mitundu. Ankatchulanso Machitidwe 17:26, pamene Paulo akunena za malire a malo okhala anthu. Vesi lomwelo limayamba ndi kunena kuti mitundu yonse inachokera kwa munthu mmodzi, koma pamenepo ankangopalumpha ngati chithaphwi. Atsogoleri a mipingo monga Desmond Tutu ndi Allan Boesak ankawerenga buku lomweli, koma iwo anapezamo Mulungu wodana ndi kuponderezana, ndipo mu 1982 ku Ottawa mgwirizano wa mipingo ya Reformed padziko lonse unagamula kuti kuikira kumbuyo apartheid ndi chiphunzitso chonyenga. Sindikunena anthu achilendo kwa ife ayi. Amishonale a mpingo wa Dutch Reformed womwewo anafika ku Mvera mu 1889, ndipo William Murray wa ku Nkhoma ndiye anatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika lomwe lili patebulo langa pano.

Za ukapolo n'chimodzimodzi. Eni akapolo ku America ankakonda Aefeso 6:5, imene imauza akapolo kumvera ambuye awo, pomwe akapolowo ankaimba za Mose ndi Farao.

Imene imandipweteka kwambiri ndi ya kwathu konkuno. Eksodo 22:18 imati mfiti isasiyidwe ndi moyo. M'midzi mwathu agogo okalamba akhala akumenyedwa, kuwotcheredwa nyumba, ena kuphedwa kumene, chifukwa mwana wadwala kapena mphenzi yagwa. Lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma ndinamvapo ndi makutu angawa munthu wovala yunifolomu ya mpingo akutchula vesi limeneli mosaphethira n'komwe. Mukamuuza kuti akulakwa, akuonetsani tsamba. Ndiye mumuyankha chiyani, ngati mfundo yanu ndi yakuti chilichonse cholembedwa chitsatidwe monga chilili?

Koma musathamangire kuponya bukuli pansi pa bedi. Pa 8 Malichi 1992, pamene ambiri tinkaopa ngakhale kunong'ona, maepiskopi a Katolika analemba kalata imene inawerengedwa m'matchalitchi, yodzudzula kutsekera anthu popanda kuwazenga mlandu. Mphamvu zolankhulira anazitenga m'Malemba, ndipo chaka chotsatira tinaponya voti ya referendamu. John Chilembwe naye anali mbusa.

Chimene ndikuona ine n'chakuti vesi silidzisankha lokha. Pali munthu amene amatsegula tsamba ili n'kusiya linalo, ndipo munthuyo amafika ali kale ndi mtima wake, mantha ake, ngakhalenso dyera lake. Yesu mwini sankawerenga Malemba ngati kalaliki wa pabwalo la milandu. Atafunsidwa za kusudzulana anati Mose analoleza chifukwa cha kuuma mtima kwa anthu. Za Sabata anati linaikidwa chifukwa cha munthu. Mayi wogwidwa m'chigololo uja, Levitiko 20:10 inali itamuweruza kale, koma anabwerera kwawo wamoyo. Pa Mateyu 22 anakoloweka chilamulo chonse pa kukonda Mulungu ndi kukonda mnzako. Baibulo lowerengedwa motere ine ndimalidalira. Koma lija longotola vesi limodzi ngati mwala wogendera mnzako, ayi ndithu.

Tsono za malume. Makolo athu asanaone mzungu anali ndi mabwalo a milandu, chinamwali, ndi mwambi woti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Sindikuwayeretsa, paja anali anthu omwewa amene ankamwetsana mwavi, enanso kugulitsa anzawo kwa a Jumbe ku Nkhotakota. Koma kunena kuti sankadziwa choipa n'kuwanamizira, ndipo Paulo yemwe sakugwirizana nazo. Pa Aroma 2:14-15 akuti anthu opanda chilamulo amatha kuchita za chilamulo mwachibadwa, chikumbumtima chawo chikuwachitira umboni.

Mukaimbirana nawo Lamulungu likubwerali, muwawerengere mavesi awiri amenewa. Kenaka muwafunse mwaulemu ngati agogo a agogo awo, amene anamwalira asanamvepo belu la ku mishoni, sankadziwa kuti kuba mbuzi ya mnansi n'kulakwa. Zimene akayankhe mudzandilembere.