Kuulutsa drone m'kati mwa nyumba: kodi laisensi ikufunika?

Bambo,

Mwalemba kuti muli ku America, ndipo kampani ina yakupatsani ntchito yojambula ndi drone (kandege kakang'ono kouluka popanda munthu) m'kati mwa nyumba yake yosungiramo katundu, koma laisensi youlutsira drone mulibe. Mukufunsa ngati mukhala mukuphwanya lamulo.

Kumbali ya FAA, bungwe loyang'anira zouluka m'dzikolo, simukuphwanya lamulo. Malamulo ake a Part 107, omwe adayamba kugwira ntchito pa 29 Ogasiti 2016, amakhudza drone youluka panja, mumlengalenga momwe ndege zimadutsa. M'nyumba yadenga, yotsekeka mbali zonse, FAA ilibemo mphamvu. Ku European Union nakonso lamulo la ma drone la 2019/947 silifika m'nyumba.

Pomwe ambiri amakodwa ndi pa mawu akuti "m'kati". Drone ikangotulukira pachitseko chachikulu chotsitsira katundu, ngakhale kwa masekondi ochepa, yalowa m'manja mwa FAA, ndipo poti iyi ndi ntchito ya bizinesi, laisensi ikufunika pomwepo. Bwalo la masewera lopanda denga nalonso ndi panja. Makasitomala amakonda kunena kuti "mutengekonso chikwangwani chathu panjapo". Mukanitsitse.

Chachiwiri n'chakuti FAA ikachoka, mlandu suchoka. M'nyumba GPS, yomwe imathandiza drone kudziwa pomwe ili, imafooka, drone imatha kuyenda yokha n'kukagunda mashelefu, nyali kapena mutu wa wantchito. Zikatero mungazengedwe mlandu wa kusasamala ndi kulamulidwa kulipira chipukuta misozi, ndipo khoti lidzafunsa ngati munachita zomwe munthu wosamala akadachita. Choncho musanayatse makina, pezani chilolezo cholembedwa kuchokera kwa mwini nyumba kapena woyang'anira. Mgwirizano wanu unene momveka yemwe adzalipire katundu akawonongeka. Funsaninso a inshuwalansi, mwa kalata, ngati akuteteza ntchito ya m'nyumba. Antchito achotsedwe pamalo pomwe mukuulutsira, ndipo omwe nkhope zawo zioneke mu kanema wa malonda asaine kuti avomera.

Ine ndikadakhala inu, laisensiyo ndikadatengabe. Muyenera kukhala ndi zaka zosachepera 16, mayeso ake ndi a mafunso 60 ndipo mumakhoza mukapeza 70 pa 100. Pakatha miyezi 24 iliyonse mumachita maphunziro obwereza pa intaneti mwaulere. Kulembetsa drone ndi madola 5 kwa zaka zitatu. Makampani ambiri ndi a inshuwalansi amaifuna laisensiyo ngakhale pantchito ya m'nyumba, ndipo mukakhala nayo, kasitomala akadzapemphanso chikwangwani chija mudzangotuluka panja n'kujambula, bola mwaona kaye ngati malowo sali pafupi ndi bwalo la ndege, pomwe pamafunika chilolezo chapadera.