Yankho kwa m'bale wa ku Matero pa nkhani ya switch ya pedal

M'bale wanga, mwati switch ya pedal yanu ya overdrive (kabokosi kopondera kamene kamakalipitsa mawu a gitala) yafa kachitatu tsopano, ndipo mukufunsa ngati kabatani kofewa ndi chip zingagwire ntchito yake. Zingatheke ndithu. Ine ndinatero pa pedal imene ndimaimbira ku tchalitchi kwathu ku Chawama, muno mu Lusaka, ndipo sinandivutenso.

Switch yachitsulo ija, ya 3PDT, mawu a gitala amadutsa m'kati mwake mwenimweni. Fumbi la mu Okutobala likalowamo, kuphatikiza ndi kuipondaponda sabata ndi sabata, imayamba kukhosomola mpaka kufa. Pa njira yatsopanoyi phazi lanu silikhudza mawu, limangouza chip kuti "sintha". Ma pedal a Boss amachita zomwezi, ndi flip-flop (dera limene limatembenuka kuyaka ndi kuzima likagundidwa) ya ma transistor awiri ndi ma JFET, mtundu wina wa transistor.

Gulani chip ya CD4013. Muli ma flip-flop awiri m'menemo, inu mufuna mmodzi. Ubwino wake imadya 9V mwachindunji, popeza banja la 4000 limalola 3V mpaka 15V. Wogulitsa akakupatsani 74HC74 nati ndi chimodzimodzi, kanani. Imeneyo malire ake ndi 6V, pa 9V ipsa. Pin 14 ku 9V, pin 7 ku ground, pin 2 muilumikize ku pin 5. Mukatero, nthawi iliyonse pin 3 ikalandira kugunda, pin 1 imatembenuka: kuyaka, kuzima, kuyaka. Miyendo yolowera ya flip-flop wachiwiri, pin 8, 9, 10 ndi 11, muitsitsire ku ground, musaisiye m'malere, pajatu chip za mtundu uwu, za CMOS, zimatola phokoso lililonse.

Tsopano pamene ambiri timagwera. Batani mukaliponda kamodzi, tizitsulo ta m'kati timadumphadumpha kangapo tisanakhazikike. Khutu silimva, koma chip imawerenga kudumpha kulikonse ngati mwapondanso. Ine poyamba ndinalumikiza batani ku pin 3 popanda china. Pa tebulo zinkaoneka bwino, koma Lamlungu, kwaya ili pakati pa nyimbo, ndinaponda ndipo pedal inayaka n'kuzimanso pomwepo. Solo yonse inatuluka youma, yopanda overdrive. Mtima unandiwawa, chifukwa tinali titakonzekera milungu iwiri.

Mankhwala ake ndi chip ya CD40106, Schmitt trigger, imene imasandutsa volteji yosintha pang'onopang'ono kukhala kugunda koyera. Resistor ya 100k ichoke ku 9V kupita ku pin 1 yake, capacitor ya 100nF ichoke pomwepo kupita ku ground, batani nalo likhale pakati pa pin 1 ndi ground. Pin 2 ya 40106 ndiyo ipite ku pin 3 ya 4013. Capacitor imatenga pafupifupi 10ms kuti idzaze, ndiye kudumpha konse kumathera m'menemo, chip n'kuona kugunda kumodzi koyera. Chonde musadumphe gawo limeneli pofuna kupulumutsa makwacha ochepa.

Nanga mawuwo adzasinthidwa ndi chiyani? Ena m'gulu muno akuuzani CD4066 kapena CD4053. Zimagwira, koma signal ya gitala imatsika pansi pa ziro, ndiye muyenera kuikweza pa 4.5V ndi kuika ma capacitor uku ndi uku. Mukaphonya pang'ono, mawu amang'ambika. Ine ndimakonda relay yaing'ono ya DPDT, switch imene imakokedwa ndi magetsi odutsa mu coil yake. Pin 1 ya 4013 idutse pa resistor ya 10k kupita ku base ya transistor ya 2N3904, transistor ndiyo ikoke coil, ndipo diode ya 1N4148 ikhale pa coil chotembenuza kuti transistor isaphedwe pozima. Yang'anani volteji ya coil: ya 5V monga Panasonic TQ2 imafuna 78L05 yotsitsira 9V kufika pa 5V, ndipo imakoka pafupifupi 28mA, choncho batire siikhalitsa, gwiritsani adapta. Chimene ndimaikondera n'chakuti adapta ikazuka relay imabwerera yokha ku bypass, pamene mawu amalambalala overdrive, gitala n'kumamvekabe.

Malaiti athu mukuwadziwa. Akabwera, kapena jenereta ikaliza, 4013 imadzuka mbali imene yafuna. Ikani 100nF kuchoka ku 9V kupita ku pin 4, ndi 100k kuchoka pa pin 4 kupita ku ground. Pin 6 ku ground. Pedal izidzuka ili yozima nthawi zonse.

Mukamva "thu!" mu sipika posintha, ikani resistor ya 1M kupita ku ground polowera ndi potulukira pa effect, ndipo waya wa coil muupatule ndi wa mawu.

Zambiri mwa izi muzipeza kwa okonza ma TV ndi mawailesi m'tauni, cha ku Town Centre. Relay ndiyo imasowa. Ine yanga ndinaizula pa bolodi ya modem yakale. Yambani pa breadboard (bolodi yoyeserera yosafuna kuwotcherera) ndi LED yokha, pondani batani ka 50, ndipo LED ikaphonya ngakhale kamodzi musawotchere kanthu, tumizani chithunzi muno tione pamodzi.